Chida chimene anthu sachigwira kawirikawiri: chikhale m'phata la pulogalamu kapena chikhale pulagini?

Aliyense amene wasamalapo pulogalamu kwa zaka zingapo anakumanapo ndi nkhani iyi. Munthu wabwera ndi khodi (malangizo amene kompyuta imatsata) yolembedwa bwino, waiyesa, ikugwira ntchito, ndipo akupempha kuti muiphatikize m'pulogalamu yanu. Mukaiyang'anitsitsa mukuona kuti ndi anthu ochepa kwambiri amene adzaifune. Nthawi zina nkhani imabwera motembenuka. Muli ndi chida chakale chimene chakhala m'pulogalamu kuyambira pachiyambi, palibe amene wachikhudza kwa zaka, ndipo mnzanu akuti, "Tichichotse ichi, wochifuna akatenge pulagini."

Ndikamati phata ndikunena zonse zimene munthu amalandira akangoika pulogalamu pa kompyuta kapena pa foni, asanasankhe kanthu. Pulagini ndi chowonjezera chimene amachita kuchifunafuna yekha n'kuchiika yekha. Anthu ambiri akafuna kugamula nkhaniyi amangofunsa kuti, "Ndi angati amachigwiritsa ntchito?" Funsolo ndi labwino, koma likafunsidwa lokha lasocheretsa ambiri. Ine ndimadutsa m'masitepe otsatirawa, ndipo ndimayesetsa kusadumphapo ngakhale limodzi.

1. Yambani mwadziwa kuti ndi kusowa kwa mtundu wanji

Chida chingakhale chosagwiritsidwa ntchito kawirikawiri m'njira ziwiri zosiyana kotheratu. Pali chida chimene anthu ochepa amachigwira tsiku ndi tsiku, mwachitsanzo cholumikizira pulogalamu yanu ku makina a mtundu winawake amene ena onse alibe. Palinso chida chimene pafupifupi aliyense adzachifuna, koma kamodzi pa chaka kapena kamodzi kokha basi: kubwezeretsa deta kuchokera pa bakapu (kope losungidwa padera), kusintha pasiwedi yoiwalika, kutulutsa zinthu zanu zonse pamene mukusamukira ku pulogalamu ina. Pa ziwerengero zonse ziwiri zimaoneka pansi penipeni. Komatu choyambacho chikhoza kukhala pulagini popanda wodandaula, pamene chachiwiricho mukachichotsa mwavulaza aliyense, kungoti sadziwa mpaka tsiku latsoka litafika.

Ziwerengerozonso musazikhulupirire mopitirira. Ngati pulogalamu yanu imatumiza malipoti a kagwiritsidwe ntchito, kumbukirani kuti amene amazimitsa malipotiwo nthawi zambiri ndi akatswiri komanso makampani otchinga makompyuta awo, ndipo awa ndi omwe amagwira zida zachilendozo. Ndiponso chida chobisika mkati mwa menyu yachinayi chidzaoneka ngati chosafunidwa pamene vuto ndi lakuti anthu sachipeza. Werengani madandaulo amene amakufikani. Ngati anthu akupempha chinthu chimene chilipo kale, nkhani yanu si ya phata ndi pulagini ayi, ndi ya pamene munaika batani.

A WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, ali ndi lamulo lodziwika lakuti phata lizikhala ndi zinthu zimene anthu 80 pa 100 alionse angaziyamikire ndi kuzigwiritsa ntchito. Ndi poyambira pabwino. Ingodziwani kuti pafupifupi munthu aliyense ali ndi kachida kake kamodzi kosowa kamene kanamuchititsa kusankha pulogalamu yanu, ndipo kachida ka uyu si ka uyo. Mukadula zonse zosafika pa 80 nthawi imodzi, mudzapeza kuti mwakhumudwitsa pafupifupi aliyense, wina pa ichi, wina pa icho.

2. Ganizirani tsiku limene munthu akuchifuna koma palibe

Apa ndi pamene ine ndimakhalitsa, chifukwa apa ndi pamene pamagona yankho nthawi zambiri. Tengani munthu weniweni m'maganizo mwanu. Watsegula pulogalamu, akufuna chidacho, sachipeza. Kenako chikuchitika n'chiyani?

Ngati yankho ndi lakuti adzafufuza mphindi ziwiri, n'kuika pulagini, n'kupitiriza ntchito, ndiye kuti pulagini ndi yokwanira. Koma pali anthu amene njira imeneyo ndi yotsekeka kwa iwo. Munthu wosaona amene amadalira pulogalamu yomuwerengera zimene zili pa sikirini sangathe kukaika pulagini yomuthandiza ngati tsamba loikira mapulaginilo silikuwerengeka. Amene seva yake (kompyuta yotumikira makompyuta ena) yagwa pakati pa usiku, deta yawonongeka, sayenera kuyamba ndi kufunafuna pulagini yobwezeretsera, mwinanso makinawo sakufika n'komwe pa intaneti. Wogwira ntchito pa kampani imene kompyuta yake ndi yokhomedwa ndi a IT alibe mphamvu yoika chilichonse. Chimene sichili m'phata, kwa iyeyo kulibe. Zinthu zothandiza anthu olumala, zobwezeretsa deta, zoteteza, ndi zotulutsira deta ya munthu kunja, ine sindizitumiza ku pulagini ngakhale ziwerengero zitatsika bwanji. Si kuti ndi zokondedwa ndi ambiri, koma wozifunayo amazifuna pa nthawi imene sangathe kudzithandiza.

Funsaninso za mafayilo. Ngati chidacho chimasintha kaonekedwe ka fayilo imene anthu amatumizirana, ganizirani wolandira amene alibe pulaginiyo. Fayilo idzatseguka? Idzataya zina mwakachetechete akaisunganso? Pamenepa nthawi zina yankho labwino ndi kugawa chidacho pawiri: kuwerenga ndi kusunga bwino fayiloyo kukhale m'phata, koma zida zopangira zinthu zoterozo zikhale m'pulagini.

3. Werengani mtengo wa chidacho pamene chili chigonere

Anthu amakonda kunena kuti, "Chingokhala, sichikupweteka aliyense." Mawu amenewa ndi onama kawirikawiri kuposa mmene timaganizira.

Mu December 2021 dziko lonse la makompyuta linagwedezeka ndi vuto la Log4j, laibulale (khodi yokonzeka kale imene mapulogalamu ena amabwereka) ya chinenero cha makompyuta cha Java yolembera kaundula wa zochitika m'pulogalamu. Mkati mwake munali chida chofufuzira zinthu kudzera mu JNDI (njira ya Java yofunsira zinthu ku makompyuta ena), chimene ogwiritsa ntchito ambiri sankadziwa n'komwe kuti chilipo. Chinali m'phata, chinali choyaka chokha. Zotsatira zake, wachiwembu ankangotumiza timawu tolembedwa mwaukatswiri, pulogalamu n'kutilemba m'kaundula, kenako seva n'kukatenga khodi ya wachiwembuyo ndi kuiyendetsa. Anthu amene sanapemphepo chidacho ndi amene anakhala usiku wonse akutseka zibowo. Pokonza, mu Log4j 2.16.0 anazimitsa JNDI kuti aziyatsa okhawo oifuna. Vuto la Heartbleed la mu April 2014 linali la mtundu womwewo: kachigawo kotchedwa heartbeat ka OpenSSL (laibulale yobisa mauthenga a pa intaneti), kamene ambiri sankakafuna, kankalola munthu wakunja kuwerenga mpaka 64 KB za memole ya seva pa pempho lililonse.

Choncho lembani pa pepala zimene chidacho chikubwera nazo. Kodi chimalandira zinthu zochokera kunja, monga mafayilo kapena mauthenga a pa netiweki? Kodi chikukoka malaibulale ena amene aliyense adzayenera kuwaika ndi kuwasamala? Kodi chikuchedwetsa pulogalamu poyamba? Kodi chikuwonjezera batani pa sikirini imene anthu onse amaiona? Ndiye palinso ntchito yosaoneka: mayeso oti aziyendetsedwa nthawi iliyonse, malangizo oti alembedwe, mawu oti amasuliridwe m'zinenero zonse zimene pulogalamu ili nazo, ndi kusamala kuti chisathyoke mukamasintha mbali zina. Walira mvula walira matope. Chida cha mizere 30 chosakhudza netiweki, chosakoka kalikonse, chili ndi mtengo wochepa, ndipo kuchikankhira ku pulagini kungakhale kuvutitsa anthu pachabe. Koma chida chotsegula khomo la kunja n'choti chiziyatsidwa ndi dzanja la wochifunayo.

4. Funsani kuti adzachisamala ndani zaka zisanu zikubwerazi

Wolemba khodi amakhala ndi changu tsiku lopereka. Patapita chaka wapeza ntchito ina, ndipo palibe chifukwa chomuimbira mlandu. Koma chimene chalowa m'phata chimakhala chanu. Madandaulo amabwera kwa inu, ndipo ngati palibe m'gulu lanu amene amachigwiritsa ntchito, mudzakhala mukukonza chinthu chimene simungathe ngakhale kuchiyesa.

Python, chinenero cholembera mapulogalamu, inadzitamandira kwa zaka zambiri kuti imabwera ndi zonse zofunika mkati. Patapita nthawi zina mwa izo zinakalamba popanda wozisamala, ndipo kudzera mu chikalata chotchedwa PEP 594 anachotsa mamodulo (zigawo za khodi) 19 mu Python 3.13 ya mu 2024, kuphatikizapo cgi, telnetlib ndi nntplib. Django, chida cha Python chopangira mawebusayiti, nayo inali ndi gawo lotchedwa localflavor, losunga malamulo a manambala a foni, a ziphaso ndi a positi a mayiko osiyanasiyana. Kagulu kochepa ka osamala phata sikakanatha kudziwa ngati lamulo la dziko lililonse likadali lolondola, ndiye analitulutsa kukhala phukusi lapadera, n'kulichotsa m'phata mu Django 1.6 ya mu 2013. Chitsanzo chimenechi chikuonetsanso mfundo ina: liwiro la kusintha. Chida chodalira zinthu zakunja zimene zimasintha nthawi iliyonse, monga API (khomo limene pulogalamu imatsegulira mapulogalamu ena kuti alumikizane nayo) ya kampani ina kapena malamulo a misonkho, chimavutika m'phata limene limatuluka kawiri pa chaka. Chikakhala pulagini chikhoza kukonzedwa lero n'kutuluka mawa.

Koma musadzinamize kuti pulagini imathetsa vuto la wosamala. Imangolisamutsa, n'kuliika pa mutu wa wogwiritsa ntchito. Mu March 2016 wolemba kaphukusi ka mizere 11 kotchedwa left-pad anakachotsa pa npm, nkhokwe ya pa intaneti yogawanirana khodi, ndipo mapulojekiti ambirimbiri amene ankakadalira analephera kumangika. Firefox 57, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti, itatuluka mu November 2017 inasiya kulandira zowonjezera za mtundu wakale, ndipo zimene eni ake sanazilembenso zinathera pomwepo. Mukauza munthu kuti "pali pulagini", onetsetsani kuti mukunena pulagini yamoyo, yokhala ndi mwini amene amayankha, osati manda. Ngati chidacho n'chofunika kwambiri moti simungalole kuti chife, ndiye kuti ndi chanu ndithu, kaya chikhale m'phata kaya chikhale pulagini yosamalidwa ndi gulu lanu.

5. Yesani kuchilemba ngati pulagini, muone pamene chikukakamira

Sitepe iyi ndi ya manja, osati ya pakamwa. Patulani tsiku limodzi kapena awiri. Ngati chidacho chikukhala bwino pa API imene ilipo, mwapeza umboni wamphamvu. Ngati chikufuna kulowa m'matumbo a phata, kusintha zinthu zimene sizinapangidwe kuti zizisinthidwa ndi akunja, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kutsegula kakhomo katsopano mu API, kamene kangathandizenso mapulagini ena. Nthawi zambiri imeneyi ndi mphatso yaikulu kuposa chidacho. Ingokumbukirani kuti kakhomo kalikonse ndi lonjezo, chifukwa ena adzamangapo ndipo simudzathanso kukasuntha mwachisawawa. Yachiwiri ndi kuvomereza kuti malo a chidacho ndi m'phata.

Visual Studio Code, pulogalamu yolembera khodi, inadutsa momwemu. Kupaka mitundu mabulaketi oyenderana kunayamba ngati chowonjezera cholembedwa ndi munthu wakunja, ndipo chinakondedwa kwambiri. Vuto linali lakuti pa mafayilo aakulu chinkachedwa, popeza chowonjezera sichinkatha kufikira zimene phata linali litawerenga kale za fayiloyo. Mu 2021, pa mtundu wa 1.60, analemba chidacho mkati mwa phata ndipo kuchedwako kunatha.

6. Musaiwale malo a pakati

Si phata kapena kunja kokha. PostgreSQL, pulogalamu yosungira deta m'matebulo (database), imabwera ndi zowonjezera zingapo monga pg_trgm ndi hstore, zosamalidwa pamodzi ndi phata, zoyesedwa pamodzi nalo, koma zosagwira ntchito m'database mpaka wina alembe CREATE EXTENSION. Kumeneko wogwiritsa ntchito amapeza chinthu chodalirika, ndipo amene sachifuna sasenza katundu wake. Pa zida zoopsa koma zofunika kwa ena, ine njira imeneyi ndimaikonda kwambiri.

Chenjezo langa ndi pa masiwichi. Kuika chida m'phata n'kuchipatsa batani loyatsira ndi kuzimitsira kumaoneka ngati kukondweretsa mbali zonse ziwiri, ndipo gulu lotopa ndi mkangano limathamangira komweko. Koma masiwichi 10 amatanthauza kuti pulogalamu yanu ikhoza kukhala m'maonekedwe 1024 osiyana, ndipo simudzawayesa onse. Siwichi ikhalepo pa chifukwa chenicheni, monga chitetezo, osati pofuna kuthawa kugamula.

Mukakhala kuti mwadutsa masitepe onsewa koma mtima udakali pawiri pa chida chatsopano, chiyambitseni ngati pulagini. Chifukwa chake n'chosavuta: kulowetsa pulagini m'phata ndi ntchito ya khodi yokha, pamene kutulutsa chinthu m'phata ndi kuthyola lonjezo kwa anthu amene anamangapo ntchito zawo. Kusintha kapangidwe ka matebulo a database mu Django kunachitika kwa zaka kudzera mu phukusi lakunja lotchedwa South, ndipo pamene kunalowa m'phata mu Django 1.7 ya mu 2014, zolakwika zambiri za kapangidwe zinali zitaonekera kale kunjako. Chida cholembera cha WordPress, Gutenberg, chinayamba ngati pulagini chisanalowe mu WordPress 5.0 mu December 2018. Pulagini ili ndi ufulu wolakwitsa ndi kusintha maganizo, ufulu umene phata lilibe.

7. Ngati mukutulutsa chida chakale, chitani pang'onopang'ono

Apa ndi pamene ine ndinalakwitsapo. Ndinachotsa kachida kotulutsira malipoti m'mtundu wakale wa fayilo, nditaona kuti pafupifupi palibe amene ankakagwira. Patapita milungu ingapo ndinalandira uthenga kuchokera kwa mayi wina wowerengera ndalama pa bungwe laling'ono. Ankakagwiritsa ntchito kamodzi pa chaka potseka mabuku, ndipo anazindikira kuti kulibe pa tsiku lomaliza lopereka lipoti. Ndinakabwezeretsa, koma tsiku lawolo linali litawonongeka kale, ndipo mpaka lero zimandikhudza. Kuyambira pamenepo ndimatsata dongosolo ili mosaphonya.

Pulagini ikhale yokonzeka ndi yoyesedwa chidacho chisanachoke m'phata, osati kulonjeza kuti ibwera. Chenjezo lionekere pamalo pamene chidacho chimagwiritsidwa ntchito, chifukwa ndi ochepa amene amawerenga mndandanda wa zosintha. Nthawi ya chenjezo ikhale yaitali kuposa nthawi imene imadutsa pakati pa kugwiritsa ntchito kumodzi ndi kwina. Chida cha kamodzi pa chaka chikufunika chenjezo loposa chaka. Python inayamba kuchenjeza za mamodulo aja mu 3.11 n'kudzawachotsa mu 3.13, patapita zaka ziwiri. Deta imene anthu anapanga ndi chidacho isafufutidwe, ndipo pulagini izitha kuiwerenga monga ilili. Pamalo pamene panali chidacho siyanipo uthenga wachidule wonena kumene chapita.

Ngati n'kotheka, siyanitsani atsopano ndi akale. WordPress 3.5 itatuluka mu December 2012 inabisa gawo losungira maulalo kwa oika pulogalamu kwa nthawi yoyamba, koma mawebusayiti amene anali kale ndi maulalo awo anapitiriza kuliona monga kale. Atsopano analandira pulogalamu yopepuka, akale sanatayepo kanthu.

8. Lembani chigamulo, ndipo muyankheni munthu uja

Ndime imodzi ndi yokwanira: chida chake, chimene mwagamula, zifukwa ziwiri kapena zitatu, ndi chimene chingakusinthitseni maganizo. Mwachitsanzo, "tidzaonanso ngati pulaginiyi ikhala ndi wosamala wachiwiri" kapena "tidzaonanso chaka chamawa mwezi ngati uno". Isungeni pamodzi ndi khodi, kuti watsopano akadzadzutsa nkhaniyi ayambe wawerenga.

Kenako bwererani kwa amene anapereka khodi uja. Kumva kuti "ikhale pulagini" kumapweteka ngati kwanenedwa ngati njira yomuthamangitsira. Muuzeni mwachindunji zimene munayeza, mumuonetse pamene API ikumulandirira, ndipo ngati pakufunika kakhomo katsopano kuti pulagini yake igwire bwino, lonjezani tsiku limene mudzakatsegule ndipo musunge tsikulo. Ikatuluka, itchuleni m'malangizo a pulogalamu pa tsamba limene wochifuna chidacho angayambire kufufuza, ndipo muiike m'gulu la mapulagini amene mumayendetsa mayeso awo musanatulutse mtundu watsopano wa phata, kuti ikadzathyoka muzidziwa inu, mwini wake asanadziwe.